Galimoto ya mabaluni ikakana kudzuka: mafunso ndi mayankho kwa oyendetsa a m'chigawo cha Tete

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera mobwerezabwereza pagalaja pathu kuno ku Moatize, ena pakamwa, ena pa WhatsApp kuchokera ku Ulongwe, ku Tsangano, ku Furancungo mpaka ku Songo. Ndawasonkhanitsa kuti munthu amene galimoto yake yagwada ali kutali ndi makaniko akhale ndi poyambira, komanso kuti asatayire ndalama pa sipeya imene sinafe. Musanawerenge china chilichonse, gwirani ichi: musalowe kunsi kwa galimoto ya mabaluni musanaichirikize ndi zitsulo zoimikira pansi pa chasisi. Galimotozi zimatha kutsika zokha injini itazima, makiyi ali m'thumba mwanu. Jeke yokha si yokwanira, ndipo njerwa zimaphwanyika.

Kodi galimoto ya mabaluni ndi yotani, nanga ndingadziwe bwanji kuti yanga ndi yotero?

Galimoto zambiri zimakhazikika pa masipuling'i achitsulo, amene kuno timawatchanso mola. Zina m'malo mwake zili ndi matumba a mphira yolimba odzaza mpweya, amene amakaniko timangoti mabaluni. M'masitolo a masipeya mumzinda wa Tete mukati bolsa de ar adzakumvani msanga. Mpweya ukawonjezeka galimoto imakwera, ukachepa imatsika, ndipo ikasenza katundu imadzilinganiza yokha kuti kumbuyo kusatsike pansi.

Zimene timaziona kwambiri kuno ndi Land Rover Discovery 3 ndi 4, Range Rover ndi Range Rover Sport, ma Mercedes a Airmatic monga ML, GL ndi S-Class, ma Touareg ndi Audi Q7 ena, ndi ma Toyota Harrier otchedwa AIRS. Ma Prado 120 ndi 150 ena, komanso ma BMW X5 ambiri, ali ndi mabaluni kumbuyo kokha. Suzumirani kuseri kwa tayala: ngati simukuona chitsulo chopota, koma chinthu chakuda champhira chonga mtondo waung'ono, ndiye baluni limenelo. Eni Land Cruiser 100 ndi 200 asanapitirire awerenge kaye funso lawo chakumapeto.

Mpweyawo umachokera kuti, ndipo umafika bwanji m'mabaluni?

Umachokera mu kompresa, imene ndi kamota ka magetsi kokhala ndi pisitoni yaing'ono. Imakoka mpweya wa panja kudzera mu fyuluta, n'kuudutsitsa m'kachitini kotchedwa dryer kodzaza timikanda toyamwa chinyezi, kenako n'kuusunga mu thanki. Kuchoka pamenepo mavaluvu a magetsi ndiwo amatsegula njira kuti mpweya upite ku baluni lililonse kudzera m'timapaipi tapulasitiki, ta mamilimita 4 kapena 6. Pafupi ndi matayala pali masensa okhala ndi kamkono kolumikiza chasisi ndi mwendo wa tayala, ndipo ndiwo amauza kompyuta msinkhu wa galimoto.

Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa ma bar awiri ndi pang'ono. Thanki ya mabaluni pa galimoto zazikuluzi imasunga ma bar oposa 12, ina mpaka 16. Ndi ntchito yolemetsa kwa kamota kakang'ono chotere, ndipo sikanapangidwe kuti kazilira nthawi yaitali. Mukumbukire zimenezi, chifukwa mayankho ambiri m'munsimu atsamira pomwepa.

Ndadzuka m'mawa ndapeza yakhala pansi, batani lokwezera silikuyankha. Ndiyambire pati?

Yambani ndi zosafuna ndalama. Imikani galimoto pamalo osalala, lizani injini, wongolani matayala akutsogolo, tsekani zitseko zonse pamodzi ndi cha kumbuyo, n'kudikira mphindi zitatu kapena zisanu. Galimoto zambiri sizisintha msinkhu chitseko chili chotsegula, pofuna kuteteza mapazi a anthu. Ndiye ngati kaswichi ka chitseko kafa, n'kumaonetsa pa dashibodi kuti chitseko n'chotsegula pamene mwatseka, galimoto imangokhala duu. Ndaonapo anthu akumasula zinthu zambirimbiri pamene vuto linali kaswichi kameneka.

Kenako yezani batire. Injini itazima lizionetsa ma volts 12.4 mpaka 12.6, ikulira lifike cha m'ma 14. Kompresa imadya magetsi ambiri, ndipo kompyuta ikaona kuti batire lafooka imaikaniza kuyamba. Onaninso ngati wina sanadine batani lozimitsa dongosolo lonse. Pa Prado lilipo lolembedwa OFF, ndipo ana amakonda kulisewera. Pomaliza, tsitsani katundu. Ngati mwadzaza matumba a mbatatesi ku Tsangano mpaka kudenga, kompresa imayesa, n'kulephera, n'kusiya.

Zonsezi zikakhala bwino, tsitsani galasi, tcherani khutu. Funso lalikulu tsopano n'lakuti kompresa ikumveka kapena ayi.

Kompresa sikumveka n'komwe. Ndiye kuti yapsa?

Osati nthawi zonse. Choyamba dziwani pamene ili, kuti muzimvetsera pamalo oyenera. Pa Discovery 3 ndi 4 ili kunsi, pa chasisi cha kumanzere, patsogolo pa tayala lakumbuyo, m'kabokosi kapulasitiki. Pa Range Rover ya zaka za 2002 mpaka 2012 ili mubuti, pamalo a tayala la sipeya. Pa ma Mercedes ambiri ili kuseri kwa bampala yakutsogolo.

Onani fyuzi yake, imene imakhala yaikulu, ya ma amps 40 mpaka 60 pa galimoto zambiri, ndi relay yake, kaswichi ka magetsi kamene kamayatsa kompresa. Relay mutha kuisinthanitsa kwa kanthawi ndi ina yofanana nayo nambala m'bokosi lomwelo, kuti muone ngati kompresa iyamba. Onaninso pulagi ya pa kompresa penipenipo, chifukwa imachita dzimbiri kapena kusungunuka, ndi waya wa earth ngati wagwira bwino.

Fyuzi ikakhala yopsa, dzifunseni chimene chaiotcha. Nthawi zambiri ndi kompresa imene yayamba kulimba ndipo ikukoka magetsi opitirira muyeso. Mukaika yatsopano n'kupsanso, lekani pomwepo. Chonde achimwene, musamangepo waya m'malo mwa fyuzi. Mawaya a galimotozi amadutsa pansi pa kapeti ndi mipando, ndipo moto wake suchedwa.

Zimathekanso kuti kompresa ili bwinobwino koma kompyuta ndiyo yaitsekera, kaya chifukwa cha kutentha kapena cholakwika chimene yasunga. Onani mafunso a kutentha ndi a makina oyezera.

Kompresa ikulira ndithu, koma galimoto sikukwera, kapena ikukwera pang'onopang'ono ngati nkhono.

Apa pali zinthu ziwiri: mwina mpweya ukupangidwa koma ukuthawa, mwina kompresa ikungolira chabe koma mphamvu zinatha. M'kati mwake muli kamphete ka pa pisitoni kamene kamatha ndi ntchito. Kakatha, mota imazungulira monga kale koma mpweya umakhala wochepa, wongokwanira kudzutsa kumbuyo pamene kutsogolo, kumene kuli kulemera kwa injini, kukukanika. Kulira kwake kumasinthanso: kumakhala kwaphokoso, kogogoda, kotenga nthawi.

Kuti musiyanitse, zimitsani injini kompresa itangomaliza kulira, n'kuyenda mozungulira galimoto mwakachetechete. Mukamva kuti sii pena pake, ndiye pamene pakuthawira mpweya. Mukapanda kumva kanthu, sikuti palibe bowo. Mabowo ang'onoang'ono samveka, amafuna njira imene ndafotokoza pa funso la sopo. Nthawi zambiri mavuto awiriwa amapezeka limodzi, ndipo n'chifukwa chake funso lotsatirali ndi limene ndimaliona lofunika kuposa onse.

Makaniko wina wandiuza kuti ndingogula kompresa yatsopano basi. Ndigule?

Mwina ikufunikadi, koma musagule musanadziwe chimene chinapha yakaleyo. Kompresa kawirikawiri siyamba yokha kufa. Chimayamba ndi kabowo kakang'ono pa baluni, pamene mphira imapindikira. Mpweya ukamatuluka pang'onopang'ono, kompyuta imalamula kompresa kuti ibwezeretse. Mwini galimoto saona kanthu chifukwa galimoto ili chiimire bwinobwino, koma kunsiko kamota kaja kakulira kawiri kapena katatu kuposa mmene kanapangidwira, tsiku ndi tsiku, miyezi n'kumapita. Tsiku limene katopa ndi limene galimoto imagwada, ndipo aliyense amaloza chala kompresa.

Bambo wina wa ku Angónia anabwera kwa ife atagula kale makompresa awiri m'chaka chimodzi, onse n'kupsa. Anali atataya mtima, akufuna kungoigulitsa galimotoyo. Tinaigoneka pagalaja usiku umodzi, m'mawa tinapeza ngodya yakutsogolo ya kumanja yatsika. Titathira madzi a sopo, thovu linatuluka pa mng'alu waung'ono moti ndi maso okha sukanaoneka. Zinandipweteka mtima, chifukwa ndalama za kompresa imodzi yokha zikanakwana kukonza vuto lenileni pachiyambi pomwe.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma vuto ili limaimba ndithu. Galimoto imayamba kupezeka yapendekeka m'mawa, kompresa imalira nthawi iliyonse mukaima pamphambano, kukwera kumatenga nthawi kuposa kale. Mukaona zimenezi, nthawi yokonza ndi yomweyo, kompresa ikadali ndi moyo.

Ikafadi, sinthani pamodzi ndi relay yake. Relay yakale imatha kumatirira m'kati, kompresa n'kumalira osaleka ngakhale mutazimitsa injini, mpaka kupsa ndi kumaliza batire. Ngati mota ikadali bwino, zilipo zida zokonzera za kamphete ka pisitoni ndi timikanda ta dryer, zotsika mtengo kwambiri kuposa kompresa yathunthu.

Nanga bowolo ndingalipeze bwanji ndekha?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Muyenera tepi yoyezera, cholembera, botolo lopopera ndi madzi a sopo wotsukira mbale.

Madzulo, ngati galimoto ikutha kukwera ngakhale pang'ono, iimikeni pamalo osalala pa msinkhu wake wa masiku onse. Yezani pa tayala lililonse kuchokera pakati penipeni pa wilo kufika m'mphepete mwa bodi pamwamba pake, n'kulemba manambala anayiwo. Kenako chotsani fyuzi ya kompyuta ya mabaluni; buku la galimoto kapena chivundikiro cha bokosi la mafyuzi chimasonyeza kuti ndi iti. Osadumpha pamenepa. Galimoto ngati Discovery imadzuka yokha usiku n'kutsitsa ngodya zina kuti zifanane ndi imene yatsika, ndiye m'mawa mumapeza yonse ili pansi osadziwa kuti vuto lili mbali iti. Fyuzi ikachoka, ngodya yodwala imatsika yokha.

M'mawa yezaninso. Kusiyana kwa mamilimita ochepa n'kwa kuzizira kwa usiku. Ngodya imene yatsika masentimita awiri kapena kuposa ndiyo yoyang'ana. Bwezerani fyuzi, kwezani galimoto pa msinkhu wapamwamba kuti mphira itambasuke, ikani zoimikira, ndipo thirani madzi a sopo pa baluni lonse, makamaka m'munsi mopindikira, ndi pamwamba polowera paipi. Thirani pa mfundo zonse za mapaipi, pa mavaluvu, pa thanki ndi pa chivundikiro cha dryer, chimene chimakonda kung'aluka. Dikirani ndithu, bowo laling'ono limatulutsa thovu losalala ngati la mkaka, osati mathovu aakulu. Ming'alu ina imatseguka pa msinkhu umodzi wokha, choncho yesani galimoto ili pamwamba, yesaninso ili pakatikati.

Kutsika kwa ngodya imodzi, mbali imodzi kapena galimoto yonse kumatanthauza zosiyana?

Inde. Ngodya imodzi ikamatsika usiku, ganizirani baluni la pamenepo, paipi yake kapena valuvu yake. Matayala awiri akutsogolo kapena awiri akumbuyo akatsikira pamodzi, kawirikawiri ndi bokosi la mavaluvu la mbali imeneyo, limene timphete take tamphira tauma kapena mwalowa zinyalala. Ngodya imodzi ikakwera kupitirira zinzake, kapena galimoto ikapendekeka injini ikulira pamene usiku sikutsika, vuto si bowo, pitani ku funso la masensa. Yonse ikakhala pansi osasuntha, bwererani ku mafunso awiri a kompresa.

Masensa amawonongeka bwanji?

M'misewu yathu ya fumbi, monga yolowera m'midzi ya ku Macanga ndi ku Chifunde, kamkono ka sensa kali pangozi tsiku lililonse. N'kapulasitiki kapena kachitsulo kopyapyala, ndipo mwala, chitsa kapena matope ouma zimakathyola, kukapinda kapena kukazula pamfundo. Kakazuka, sensa imanena zabodza. Ikauza kompyuta kuti ngodya ili pamwamba pamene ili pansi, kompyuta imatulutsa mpweya m'malo mopopa, kapena imangotseka zonse n'kuyatsa nyali pa dashibodi.

Ichi chimaoneka ndi maso. Yerekezani kamkono ka kumanzere ndi ka kumanja: tikhale tolozera mofanana. Pakachitika ntchito ya mashoko kapena mabushi, amakaniko ena amabwezera kamkono katatembenukira kwina, ndipo galimoto imachoka pagalaja ili yopenga. Tsukaninso pulagi yake, muone ngati mwalowa madzi. Mukasintha sensa, galimoto zambiri zimafuna kuphunzitsidwanso msinkhu ndi makina, ndipo pa zina sensa ya kumanzere ndi ya kumanja n'zosiyana.

Masana dzuwa likaswa mtengo imakana, koma m'mawa imadzuka bwino. N'chifukwa chiyani?

Aliyense amadziwa kutentha kwa mumzinda wa Tete ndi kuno ku Moatize mu Okutobala ndi Novembala, pamene kumapitirira madigiri 40. Kompresa ili ndi chitetezo: ikatentha kwambiri kompyuta imaipumitsa mpaka izizire. Ikani galimoto pamthunzi, dikirani theka la ola, yesaninso, ndipo musamangodina batani lokweza ndi kutsitsa mobwereza.

Koma ndinene mosabisa, dzuwa lokha silikwanira kugonetsa kompresa yabwino. Ngati zikuchitika kawirikawiri, ndiye kuti ikugwira ntchito yopitirira muyeso, ndipo kutenthako kwangoulula. Fufuzani bowo.

Kumtunda zimachitika mosiyana. Mu Juni ndi Julayi ku Ulongwe ndi ku Tsangano kumazizira zedi, mphira yokalamba imauma gwa, ming'alu n'kutseguka. Galimoto imene ku Tete imagona chiimire ikafika kumeneko imapezeka pansi m'mawa. Eni ake amadabwa, koma ndi chizindikiro choti mabaluni akalamba.

Fumbi ndi madzi zimalowa bwanji m'nkhaniyi?

Kompresa imapuma mpweya womwewo umene galimoto ikudutsamo. Fumbi la m'chilimwe, kuphatikizapo la malasha kuno kwathu, limatseka fyuluta yake, ndipo lolowa m'kati limadya kamphete ka pisitoni. Mchenga wokakamira pamene baluni limapindikira umakhula mphira ngati tupa. Mukamatsukitsa galimoto, ikwezeni pamwamba kuti madzi atsuke bwino m'mapindiko amenewo. N'chinthu chaching'ono koma chimatalikitsa moyo wa mabaluni.

M'dzinja vuto ndi chinyezi. Timikanda ta mu dryer tikakhuta madzi kapena tikaperepeseka n'kusanduka ufa, ufawo umayenda m'mapaipi n'kukatseka mavaluvu. Mukamasula paipi n'kuona ufa woyera kapena madontho a madzi, dryer yatha, ndipo mavaluvu afunika kutsukidwa. Pa galimoto zimene kompresa ili kunsi, samalani powoloka mitsinje yodzaza; kwezani galimoto musanalowe m'madzi, osati muli pakati.

Kodi ndingayende nayo ili pansi choncho mpaka kukafika ku galaja?

Ngati ndi pafupi, monga kuchoka ku Moatize kupita mumzinda, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, n'zotheka koma mwapang'onopang'ono kwambiri, mutatsitsa katundu ndi anthu. Choyamba pindani chiwongolero mbali zonse muone ngati matayala sakukhula bodi. Pa ma Mercedes ena amakhula, ndipo zikatero musayende n'komwe. Chotsani relay ya kompresa kuti isamalire njira yonse pachabe. Mahampu, amene ena amati lombas, muziwakwera mopingasa.

Koma kuchoka ku Ulongwe kubwera ku Tete, makilomita oposa 200, ndi mapiri ndi malole a pa N7, ine sindingakulimbikitseni. Galimoto ikakhala pansi imagunda pa timphira toletsa basi, palibe chofewetsa. Mashoko, ma CV joint, ekizozi ndi pansi pa injini zonse zimalandira nkhonya, ndipo mabuleki adzidzidzi sagwira monga mwa masiku onse. Kuikweza pa lole kumaoneka kodula, koma kumapulumutsa zambiri.

Ndikakhala kutchire, palibe njira yoipopera pamanja?

Ilipo, ngati mabaluni ali amoyo ndipo chafa ndi kompresa, valuvu kapena kompyuta. Pali timavaluvu tofanana ndi ta tayala timene timalumikizidwa ku paipi ya baluni lililonse, ndipo mumapopa ndi kakompresa koyenda nako. Pamafunika mpweya wamphamvu kwambiri kuposa wa tayala, choncho si pampu iliyonse ingathe. Popani pang'onopang'ono, ngodya ndi ngodya, mukuyeza ndi tepi mpaka msinkhu wa masiku onse, osapitirira, fyuzi ya kompyuta itachotsedwa. Amene mumayenda maulendo a ku Marávia ndi ku Zumbo, kumene thandizo lili kutali, pemphani makaniko wanu akuonetseni mapaipi ake musananyamuke. Pomasula paipi, kumbukirani kuti muli mpweya wamphamvu ndipo galimoto itsika nthawi yomweyo.

Baluni lobooka silingamatidwe ngati chubu?

Ayi. Mphira ya baluni imapindika ndi kutambasuka pa bampu iliyonse, ndipo chigamba sichikhalapo. Mankhwala othira m'matayala obooka ndiye musayese n'komwe, amakatseka mavaluvu ndi dryer. Paipi yokha ndiyo imalumikizika: dulani mowongoka ndi mpeni wakuthwa, n'kuikapo cholumikizira cha saizi yake.

Ndisinthe limodzi kapena onse awiri? Nanga ogwiritsidwa kale ntchito ali bwanji?

Mabaluni a ekiselo imodzi anabadwa tsiku limodzi ndipo ayenda misewu yomweyo. Limodzi likang'aluka ndi ukalamba, linzake lili m'njira. Ngati thumba likulola, sinthani onse awiri. Ngati linabooledwa ndi chitsulo pamene linzake lilibe ming'alu, limodzi likwanira.

Ochotsa pa galimoto zophwasula ndimawakayikira. Galimoto zambiri zimafika kuno kuchokera ku Japan zili kale ndi zaka khumi kapena kuposa, ndipo baluni lochotsedwa pa inzake ya msinkhu womwewo ndi nkhalamba imodzimodzi. Sensa, thanki kapena bokosi la mavaluvu zakale zitha kuthandiza, koma mphira gulani yatsopano.

Poitanitsa, kaya ku Beira, ku Maputo kapena ku Johannesburg, kaya ku Lilongwe kwa inu a ku Angónia amene malire a Calómuè ali pakhomo, tumizani nambala ya chasisi ndi chithunzi cha sipeya yakaleyo chooneka nambala yake. Za ku Ulaya zili ndi nambala ya zilembo 17, za msika wa ku Japan ndi yaifupi. Pa Discovery pali makompresa a mitundu iwiri, Hitachi ndi AMK, ndipo kuchoka ku woyambawo kupita ku wachiwiri kumafuna zomangira zina ndi kusintha pulogalamu ya kompyuta. Poika baluni latsopano, musatsitsire galimoto pa baluni lopanda mpweya. Lipopedwe kaye pang'ono galimoto ikadali pa zoimikira, apo ayi limapindika molakwika n'kuwonongeka tsiku lomwelo.

Inali bwinobwino, koma chisinthireni tayala yakana kudzuka.

Galimoto ikanyamulidwa ndi jeke, masensa amaona ngati yakwera mopitirira, ndipo kompyuta imatulutsa mpweya kapena kudzitseka. N'chifukwa chake Touareg ndi Q7 zili ndi njira yozimitsira dongosololi musanaike jeke, ndipo Prado ili ndi batani lija la OFF. Mwina amene anasintha tayala anazimitsa n'kuiwala kuyatsanso. Yatsani dongosololo, zimitsani injini n'kuilizanso, yendani pang'ono pamalo osalala. Zikakanika, onani ngati jeke sinatswanye paipi kapena kugunda kamkono ka sensa.

Kodi kupita pa makina oyezera n'kofunikadi?

Mukayesa zonse zam'mwambazi osapeza kanthu, inde. Koma timakina totchipa tambiri timangowerenga injini, sitilowa mu kompyuta ya mabaluni, ndipo timanena kuti palibe vuto pamene lilipo. Funsani kaye ngati makinawo amawerenga gawo limeneli pa mtundu wa galimoto yanu.

Lembani ma code onse, manambala a zolakwika amene makina aonetsa, asanafufutidwe. Ndipo code si chigamulo. Pa Discovery, C1A20 imangonena kuti mpweya ukuchedwa kudzaza thanki. Sinena ngati wolakwa ndi kompresa, dryer yong'aluka kapena paipi yobooka. Makaniko wabwino amayang'ananso manambala galimoto ikulira: msinkhu umene sensa iliyonse ikunena, mphamvu ya mpweya, kutentha kwa kompresa. Galimoto zina zimakhalabe zodzitsekera ngakhale vuto litakonzedwa, mpaka code yakale ifufutidwe, ndiye musafulumire kunena kuti sipeya yatsopanoyo ndi yabodza.

Land Cruiser yanga ili ndi batani lokweza ndi kutsitsa, koma mabaluni sindikuwaona.

Land Cruiser 100 ndi 200 zina, pamodzi ndi Lexus LX470 ndi LX570, zili ndi dongosolo lotchedwa AHC, limene limakweza galimoto ndi mafuta, osati mpweya. Pali pampu, kathanki ka mafuta kokhala ndi mizere yoyezera, ndi timipira tachitsulo ta nitrogen, ndipo masipuling'i achitsulo alipobe. Masipuling'iwo akatopa, kapena mukawonjezera bampala yachitsulo, thanki yachiwiri ndi katundu wambiri, pampu imalephera kunyamula ndipo galimoto imakana kukwera kapena imabwerera pansi. Onani mlingo wa mafuta, ndipo muthiremo a AHC okha. Mafuta a mabuleki amawononga mphira zonse za m'katimo.

Bwanji ndingochotsa mabaluni n'kuika masipuling'i achitsulo?

Funso ili limabwera pafupifupi sabata iliyonse, ndipo sindinyoza amene amasankha zimenezi. Kwa munthu wokhala kutali ndi mzinda, amene galimoto yake yakalamba ndipo kompresa, mabaluni ndi mavaluvu zonse zatopera limodzi, n'chisankho chanzeru. Pa Prado n'zosavuta, chifukwa ma Prado ena anatuluka kufakitale ali ndi masipuling'i kumbuyo. Pa Discovery ndi Range Rover pamafunika zida zopangidwira mtundu umenewo, ndi kachipangizo kapena pulogalamu yoletsa kompyuta kudandaula, apo ayi nyali ndi belu sizikupatsani mtendere. Masensa asachotsedwe mwachisawawa, chifukwa pa galimoto zina ndi omwewo amalinganiza nyali zakutsogolo.

Dziwani chimene mukutaya: kufewa kwa ulendo, kukwera pamalo oipa, ndi kudzilinganiza mukasenza katundu kapena mukakoka ngolo. Ngati chafa ndi baluni limodzi kapena sensa, ine ndingakonze. Chimene ndimakana ndi kudula masipuling'i a galimoto ina n'kuwakakamizapo. Galimoto yolemera matani awiri ndi theka imafuna oyezedwa kulemera kwake.

Nanga malole ndi mabasi, n'chimodzimodzi?

Maganizo ake ndi amodzi, koma mpweya umachokera ku kompresa yoyendetsedwa ndi injini, yomwenso imadyetsa mabuleki. Pali valuvu yoteteza imene imadzaza kaye matanki a mabuleki, mabaluni n'kulandira pambuyo. Choncho adalaivala a malole a ku Beira opita ku Zóbuè kapena ku Cassacatiza, mabaluni akakana kudzuka m'mawa, yambani mwaona geji ya mpweya. Ngati ikuchedwa kukwera, vuto ndi la mpweya wa lole yonse, ndipo likukhudzanso mabuleki, musanyamuke. Geji ikadzaza koma mabaluni ali ophwa, pitani pa valuvu yolinganiza msinkhu ya pa ekiselo: kandodo kake kamalumikizidwa ndi kamphira kamene kamaduka kapena kuzuka. Lole itatsekedwa matayala ndi kuchirikizidwa, mukakankhira kamkono ka valuvu m'mwamba mpweya uyenera kumveka ukulowa m'mabaluni. Pa ngolo onaninso ngati chogwirira chokweza ndi kutsitsa sichinasiyidwe pamalo otsitsira katundu, ndipo muzikoka timphete ta pansi pa matanki kuti madzi atuluke, makamaka miyezi ya mvula.